Nkhukundembo zanga zonse zatuluka atambala

Aphungu,

Ndine telala, ndipo kuseri kwa shopu yanga kuli kabwalo komwe ndinamangapo khola. Miyezi isanu yapitayo ndinaganiza zoweta nkhukundembo kuti mazira ndi anapiye zizithandiza pakhomo. Tsiku lokagula, apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, anandiperekeza. Ine poti ndinali nditawerengako za ulimi pafoni, ndinalowa m'khola la wogulitsa ngati katswiri, n'kusankha tiana sikisi tonenepa, ta miyendo ikuluikulu, tolanda tinzake chakudya. Ndinkati thadzi lalikulu ndilo liikira mazira aakulu.

Apongozi anangoti, "Bambo, mwatengatu asilikali okhaokha. Nanga adzaikire ndani?" Ndinaseka, n'kuwayankha kuti masiku ano zinthu zinasintha. 

Lero zonse sikisi zikungodzitukumula, kutambasula michira ndi kumenyana. Dzira ngakhale limodzi! Makasitomala amabwera kudzayesa zovala, koma amathera kuseri kukaseka. Chondisowetsa mtendere n'chakuti mayiwa sanagwire kamwanapiye ngakhale kamodzi, anangoyang'ana ali pakhomo pa khola. Ndipo mpaka pano sanandinenepo kuti "ndinakuuzani". Akabwera amaziponyera masamba, n'kuziyamikira kuti zakula bwino. Ndimawagomera, koma ndili ndi manyazi.

Wogulitsa uja wavomera kuti Loweruka tisinthane: ndimupatse atambala anayi, anditengetse tiana tina tinayi. Akuti akatero akutseka khola, sadzagulitsanso, ndiye ndikalakwitsanso ndagwa nayo. Ndizisiyanitsa bwanji?

T. W., telala wa pafupi ndi siteji ya basi

Bambo telala,

Mwandiseketsa, koma dziwani kuti muli ndi chuma pakhomo, ndipo sindikunena mbalamezo. Munthu woona cholakwa chanu, n'kukuchenjezani kamodzi, kenaka n'kumadyetsa cholakwacho masamba miyezi isanu osakunyogodolani, sapezekapezeka.

Tsono za nkhukundembo. Zikadali tiana zimafanana kwambiri, koma pakatha miyezi iwiri zimayamba kudziulula. Yaimuna imakula msanga, miyendo yake ndi yaitali ndi yonenepa, mutu waukulu ndipo umayamba kuyera dazi msanga. Kanyama ka pamwamba pa mlomo kamatalika n'kulendewera, pomwe ka yaikazi kamakhala kakafupi. Yaikazi ndi yocheperako, ya miyendo yowonda, ndipo timaubweya ta pamutu timakhalitsa. Mwaona tsono? Posankha zonenepa zokhazokha munkasankha amuna ndi manja anu.

Koma izi ndakuuzani kuti mukamve zomwe apongozi azikanena, osati kuti mukapikisane nawo. Diso lotere silichokera m'kalata ngati ino, limachokera m'zaka zoweta. Inu nomwe mumadziwa saizi ya munthu asanavule jekete. Ndani anakuphunzitsani pafoni?

Lachisanu pitani kwawo nokha, osatuma mkazi wanu. Mukawauze mosazungulira kuti, "Amayi, munanena zoona, ndiperekezeninso." Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa agonera mokwanira. Loweruka mukafika kukhola, muziwafunsa pa kamwanapiye kalikonse kuti aonapo chiyani. Pa atambala awiri otsalawo, iwo akusankhireni wosunga. Zazikazi zinayi sizifuna amuna awiri.

Chenjezo langa ndi ili: akakaloza kakang'ono, kofatsa, komwe maso anu sakukafuna, musatsegule pakamwa. Inu ntchito yanu tsikulo ndi kunyamula dengu.

Aphungu