Mkamwini wa Kabudula Wonyowa

Alongosi a Gelevazio,

Landilani moni wa ku Petauke. Ana ali bwino, amama shuga yao yatsikako, ine ndiye mutu ukuwawa chifukwa cha inu.

Paja munati titenge amama akaoneko nyanja yamchele ku Mozambiki. Tinamvela, ndipo mwatipasulila nyumba.

Kugombeko kuli mlatho wa matabwa woyendapo anthu ocheza, wopapatiza, madzi uku ndi uku. Tili pakati penipeni ndi amama ndi ana, tikunyambita ayisikilimu, amuna anga, bambo a Tisa, anatulukila kutsogolo kuchokela kosambila: kabudula wonyowa, chifuwa pamtunda. Zaka khumi amama akhala akupatukila kutchile akakumana ndi mkamwini wao panjila. Apa tchile lake liti? Anakhala pansi, nafunda chitenje kumutu. Mwamunayo nayenso anagwada, akuomba m'manja. Alendo anayamba kujambula, poganiza kuti ndi gule.

Ndinati, "Amama, nyamukani, kuno onse amavala motele."

"Onsewo sanakwatile mwana wanga," anatelo.

Chibwelele satuluka m'chipinda mwamunayo akakhala pakhomo. Amanga katundu, akuti mailo m'mawa akwela basi ya ku Ndake. Kumudziko jekeseni wa shuga adzawabaya ndani? Nkhuku yopepesela aikana. Digili yanga ya malamulo ndaiyesa, andiyankha ndi msana.

Chonde aimbileni lelo lomwe. Inu mwina akumvelani, poti anakuonani wamaliseche muli khanda ndipo anakukhululukilani.

Mulungu akusungeni m'chisanu chanucho.

Ine mlongosi wanu wothedwa nzelu,
Misozi