Polotu Yotsala ya Bambo

Okondedwa Azakhali a Vasemaca,

Ndikhulupirira muli bwino ku chilumba kwathuko ku Lakeba. Kuno ku Suva mvula siikukata.

Chimbale chathu chotamanda Mulungu chaima. Ng'oma zachimwenye za mnzanga Pravin zagwirizana bwino ndi nyimbo zakwathu, koma yatsala polotu yakale ija, nyimbo yakutchalitchi imene bambo amatsogolera inu n'kumapolokoza. Bambowo ndinawafotokozera kuti mawu anu tingajambulire komweko n'kudzalumikiza kuno. Anaseka, amvekere, "Iwe mphunzitsi, ukufuna Mulungu amve mlongo wanga akuyankha munthu amene sakumuona?"

Lachiwiri anawaunika pakhosi kuchipatala. Masiku ano akungomwa phala, ndipo akamaimba, mzere umodzi akumapumira kawiri.

Sitima yapamadzi yobwera kuno inyamuka kumeneko Loweruka, mukwere imeneyo. Yotsatirayo musaidikire, azakhali.

Ndine mwana wanu,
Sekove