Za Funso la Mayi Esitere Limene Linafufutidwa pa Gulu

Komiti ya Gulu la pa WhatsApp Lophunzira Luso Lobisa Mauthenga, Dowa ndi Ntchisi
Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2025
Malo: M'kalasi ya sukulu ya mpingo, Mponela

Opezeka: Bambo Obadiya Kachiza (Wapampando), Bambo Bryson Chimphepo (woyang'anira gulu pa foni), Mayi Luckness Mbewe (membala), Debora Kamphinda (Mlembi)
Osapezeka: Mayi Esitere Msiska a ku Dzoole (sanatumize mawu)

1. Kutsegula
Mayi Mbewe anatsegula ndi pemphero 2 koloko masana. Mfundo za msonkhano wapita sizinawerengedwe chifukwa mitima inali m'mwamba.

2. Lamulo loti pa gulu pazikambidwa zaluso zokha
Wapampando anati lamuloli linaikidwa gulu litadzaza ndi za mpira, mitengo ya fodya ndi mavesi. Anakumbutsa komiti kuti sabata yatha Mayi Msiska anafunsa pa gulu mmene angatsekere foni yawo kuti bambo akunyumba asamawerenge zimene amalemberana ndi achemwali awo. Mayiwo anawonjezera kuti akuchita mantha pakhomo pawo.

Bambo Chimphepo anati iwo anayankha mbali ya luso: anawauza kuti asinthe nambala yachinsinsi ndi kutchera mauthenga kuti azifufutika okha. Kenaka anafufuta funsolo poti zam'banja n'zosemphana ndi lamulo. Anati yankho lawo linalibe cholakwika, ndipo anabwereza mawuwa ngakhale panalibe amene anawafunsa.

Mayi Mbewe anati yankho linali lolondola kwa foni, osati kwa munthu. Anati luso lathu limateteza uthenga uli pa njira, koma silingatseke maso a munthu amene umagona naye nyumba imodzi. Mwamuna wozolowera kutsegula foni ya mkazi wake akaipeza yokiya, amayamba ndi chiyani?

Mlembi anauza komiti kuti chiyambire tsikulo Mayi Msiska sanalembe kanthu, sakuyankha foni, ndipo Lamulungu sanaoneke ku kwaya. Mlembi akulemba poyera kuti akuopa.

Bambo Chimphepo anati tikatsegula khomo, gulu lisanduka bwalo la ankhoswe ndipo odziwa zinthu atuluka. Mayi Mbewe anati atuluke, njira ndi yomweyo. Wapampando anapempha ulemu.

Chigamulo: Lamulo likhalebe, koma uthenga wa munthu amene akuti ali pa ngozi usafufutidwe, ndipo munthuyo asapatsidwe malangizo a luso wina asanalankhule naye pamaso. Bambo Chimphepo sanavote.

3. Zina ndi zina
Wapampando akufunsa ngati pali zina, mafoni onse analira pamodzi. Uthenga unali wa pa gulu, wochokera pa nambala ya Mayi Msiska. Wapampando anauwerenga mokweza: “Amene munaphunzitsa mkazi wanga kundikiyira foni ndi uti? Muli pa sukulu paja eti?”

Zinadziwika kuti malo a msonkhano uno tinalengeza tokha pa gulupo. Bambo Chimphepo anasuntha mpando kuchoka pa windo, napempha kuti dzina lawo lisalembedwe pa mfundo 2. Mlembi anakana. Bambo Chimphepo anapemphanso kuti nambalayo ichotsedwe pa gulu msanga. Mayi Mbewe anati ayi, ndi ulusi wokhawo umene watsala pakati pa ife ndi Esitere.

Anagwirizana kuti uthengawo usayankhidwe. Wapampando apite kupolisi, Mayi Mbewe ndi Mlembi apite ku Dzoole lero lomwe, adzere kwa abusa kuti asakafike okha pakhomopo.

4. Msonkhano wotsatira
Loweruka likudzali. Malo sadzalembedwa pa foni, tidzauzana pakamwa.

5. Kutseka
Msonkhano unatha 3 koloko isanakwane. Pemphero lotsekera silinachitike.

Wapampando: O. Kachiza
Mlembi: D. Kamphinda (ndasaina choimirira, wa kabaza akudikira panja, Mulungu atithandize tikampeze ali moyo)