Tambula Yopita Kuseri

Lolemba, 6 Okutobala

Mlongo wanga Mzime watuluka m'chipatala lero. Diso lamanzere lotsekeka, tsaya losokedwa mpaka kukhutu, nthiti zothyoka mbali yakumanja. Amene anamusoka sadziwa singano. Ine telala nditapereka diresi lotero kwa kasitomala, angandiponyere kumaso.

Ndamuyalira matiresi m'chipinda changa chosokera, pafupi ndi makina. Amayi angokhala pakhomo, kulira osapuma. Mwana wawo womaliza, ngakhale ndevu zamera mpaka m'khosi.

Nkhani yake ndi iyi. Mkazi wake, mlamu wanga uja wogulitsa mazira ku msika wa alimi, akuti wakhala akuyenda ndi mwamuna wa ku bala ya m'holo ya zakudya, mumsika momwemo. Iye anapita kukamutenga mwamtendere. Wa ku bala anamudzera kumbuyo ndi botolo. Mkazi anathawa, kwa abale ake kulibe, foni yozima. Za polisi Mzime wakana, akuti mwamuna kulandidwa mkazi n'kumenyedwanso, anthu angamuseke.

Ndachapa malaya amene anavala tsikulo. Magazi ouma gwa, madzi kufiira, kutaya, kufiiranso. Mwana amene ndinamubereka kumsana ine! Ndikufuna ndimuone munthuyo ndi maso angawa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kutsuka bala m'mawa. Kumanga nthiti ndi nsalu. Ndikangokhudza pansi pa khwapa, amakuwa mpaka agalu a aneba kuyankha.

Kutentha. Diresi la mkwatibwi likundidikira, manja sanalowe, mwini wake waimba kawiri. Mankhwala adya ndalama yogulira zipi ndi ulusi.

Masana Mzime anandigwira mkono. “Achemwali, mungondipezera komwe mkazi wanga ali. Ndingolankhula naye basi.” Misozi m'diso limodzi lija. Amayi nawo ali pakhomo, akuti chibale ndi fupa, sichiola, ngati ine sindimuyimira adzamuyimira ndani.

Ndanola sizasi yaikulu, yodulira nsalu zolimba. Ndainola mpaka kumeta ubweya wa pamkono. Ili m'chikwama. Sindinadzifunse kuti ya chiyani.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndapita. Aka n'koyamba kulowa mumsikamo, mlamu ankangotibweretsera mazira osweka pang'ono kunyumba.

Shedi yaikulu ya malata, magalimoto a alimi atatsamira khomo. Tomato, kabichi, karoti ndi dothi lake lomwe, uchi m'mabotolo. Wa nyama akutema fupa pachitsa, tizidutswa kuthethekera pa matebulo a anzake. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Phokoso la chikwanjecho limandikomera.

Kupyola apo ndiye holo ya zakudya. Mabenchi aatali, utsi wa nyama yootcha, chipisi, makeke. Anthu ovala bwino akujambula mbale ndi foni chakudya chikuzizira. Dziko lapita.

Bala ili kumapeto. Mabotolo pamzere, nyali zoyaka dzuwa likuswa mtengo. Ndimayembekezera chimphona. Ndapeza kamunthu kowonda, ka magalasi, epuloni yakuda, dzanja limodzi lomanga bandeji. Ameneyu ndiye wagwetsa Mzime? Ndi botolo, kumbuyo, ngakhale nkhuku ingagwetse ng'ombe.

Ndinakhala pa mpando wautali uja. Iye akusinja mandimu ndi masamba onunkhira m'tambula ndi kamunsi kamtengo, akuswa ayezi, akukhutchumula m'chitini. Anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna chotsekemera kapena chowawasa. Ndinati chowawa. Anaseka, n'kundipangira cha jini ndi mandimu. Mtengo wake ndi umene ine ndimasokera siketi. Chinakoma, ndipo zimenezo zandikwiyitsa kwambiri.

Khosi lake ndaliyeza ndi maso, ntchito yanga ndi imeneyo. Laling'ono, kolala ya mwana wasukulu. Mtsempha ukugunda pansi pa khutu akamakhutchumula chitini. Dzanja langa linali m'chikwama nthawi yonse.

Pa tebulo la mazira pali mayi wachikulire wojintcha, mwini wake wa nkhuku zoikira mazirawo. Sandidziwa. Mlamu palibe.

Ndinagula tomato kuti ndipeze poyambira. Ndinati ndamva kuti kuno kunali ndeu. Wa tomato sanadzutse n'komwe mutu. Akuti inalipo, ndipo botolo linachepa, akanamumaliza galu ameneyo. Tomato amene anali m'dzanja langa anaphulika. Ndalipira, ndachoka. Onsewa ndi amodzi, amadyera mbale imodzi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Ndapitanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndakhala pa benchi ya pakona ndi mbale ya chipisi, kudya kamodzikamodzi ngati wodwala.

Dzuwa lili pamutu, Wamandimu uja, ndamutcha choncho, wasiya makasitomala atatu ali chiimire. Wasenda nthochi, peyala, wathira mkaka ndi uchi, wagaya m'makina. Mowa sanathire, ndimayang'ana. Wasefa kawiri. Tambula yaitali, kapaipi koyamwira. Kenaka wainyamula yekha ndi manja awiri, kudutsa holo yonse, kudutsa wa nyama, kuseri kwa tebulo la mazira. Kumeneko kuli chitseko chobiriwira, cha chipinda chosungira mathireyi. Anagogoda, n'kulowa. Potuluka, tambula yopanda kanthu.

Mathireyi samwa nthochi.

Ndiye mfumukazi ili m'menemo! Mwamuna wake akukodzera m'chitini, iyo ikuyamwa zotsekemera ndi kapaipi. 

Ndafika kunyumba ndisanavule n'komwe nsapato, ndamuuza Mzime zonse. Tambula, tebulo la mazira, chitseko chobiriwira. Anangoyang'ana kudenga, kenaka anapempha chakudya. Wamaliza mbale yonse, koyamba chibwerere. Amayi akuti ndine mwana wawo weniweni.

Mawa ndikalowa ndekha. Tsitsi lake lija limene amanyadira, ndikalibweretsa m'pepala.

Lachisanu, 10 Okutobala

M'mawa tiyi anazizira. Mzime waponya kapu, yaphwanyikira pakhoma pafupi ndi mutu wa Amayi. Atola zidutswa okha, akuti ndi ululu ukumupangitsa. Ndinavomereza.

Masana ku msika. Ndinadikira Wamandimu alowe ndi tambula yake, atuluke. Mayi wa mazira ali kalikiliki ndi kasitomala. Ndinazembera kuseri, sizasi m'dzanja, ndinakankha chitseko.

Mdima, fungo la nkhuku, mathireyi mpaka kudenga. Mphasa pansi, bulangete, ndowa. Munthu atakhala pa kireti akupukuta mazira ndi kansalu. Sindinamuzindikire. Mlamu wanga anali wonenepa bwino, woseka mokweza. Uyu mafupa okhaokha, nkhope yopendama, mbali imodzi yakuda bii mpaka m'khosi. Tsitsi limene ndinadzera, mbali yina kulibe, lazulidwa ndi khungu lomwe.

Anaona sizasi. Sanakuwe. Sangathe. Anatsegula milomo ndi zala kuti ndione. Mawaya, mano akumwamba ndi akumunsi omangidwa pamodzi ngati khola. Pomwe panali dzino pali mpata, m'pamene kapaipi kamalowera.

Amalankhula kudzera m'mano, ndinachita kuwerama kuti ndimve. “Alamu, mwabwera kudzamaliza?”

Ndinakhala pa mathireyi, mazira kuphwanyika pansi panga.

Mayi wa mazira analowa ndi chitsulo chotsekera zenera, akanandiphwanya mutu mlamu akanapanda kukweza dzanja. Atamva kuti ndine ndani, anandifotokozera ali chiimire, chitsulo osachisiya. Akuti tsiku lija Mzime anabwera ataledzera, msika utadzaza. Chifukwa chake, mkazi anasekera kasitomala. Anamukoka ndi tsitsi kuchoka pa tebulo mpaka m'holo, anthu akujambula. Pa bala anamugwira mutu n'kuumenyetsa m'mphepete mwa kauntala, kamodzi, kawiri. Nsagwada inamveka kuthyoka mpaka kwa wa nyama. Akuutukula kachitatu, m'pamene Wamandimu anadumpha kauntala ndi botolo. Nthitizo ndi za nsapato za alimi. Wamandimu ali ndi mkazi ndi ana, mlamu ankangomugulitsa mazira. Aka sikanali koyamba, kungoti kunyumba kumakhala kopanda mboni.

Amusunga m'menemo chifukwa ku famu ya mayiyo n'kutali, chipatala chili pafupi, ndipo usiku pamakhala alonda. Kwa abale ake Mzime amadziwako konse. Polisi mlamu wakana yekha, akuopa. Msika wonse ukudziwa za chitsekocho, palibe amene watsina khutu munthu wakunja.

Palibe, kupatula ine.

Ndinafuna kuulula kuti ndamuuza kale Mzime za chitsekocho. Mlamu anali atandigwira chala, akufunsa ngati Amayi akumwa mankhwala awo a shuga. Ndinayang'ana chitsulo chija. Ndinadziuza kuti munthu wa nthiti zothyoka safika ndi pageti pomwe, ndidzanena mawa.

Potuluka ndinadutsa pa bala. Wamandimu anandikodola, akufunsa ngati lero ndikufunanso chowawa. Sindinathe kumuyang'ana.

Kunyumba Mzime anafunsa ngati chitseko chake ndi chobiriwira ndithu. Ndinati ndinalakwitsa, muli mazira okhaokha. Anayang'ana siketi yanga, yolimba ndi dzira louma kumbuyo. Anamwetulira ndi mbali yosasokedwa.

Ndamumanga nthiti monga mwa masiku onse. Zala zanga pansi pa khwapa lake, ndimafuna kukanikiza mpaka alire ngati mbuzi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sizasi ndaitulutsa m'chikwama, yandinyansa, ndaipachika pa msomali wake.

Loweruka, 11 Okutobala

Tulo sindinatione. Madzi ali pamoto. Ndikangosamba ndipita, ndikawauze asanayale mazira, amusamutse lero lomwe. Andimenye ndi chitsulocho ngati akufuna. Diresi la mkwatibwi lidikire.

M'chipinda chosokera muli zii. Amayi akusesa panja, akuyimba. Akuti Mzime lero ali bwino, wavala nsapato yekha, wati akuka

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Zilembo ngati mapazi a nkhuku.

Msomali unali wokha, sizasi palibe. Ndinathamanga ndi patapata, nsalu yogonera, ndinakwera njinga yamoto ndilibe ndi khobidi lomwe. Loweruka msika umadzaza, ndinadutsa mogunda anthu, kabichi kugubuduka. Mazira ndinawaponda ndisanafike pa tebulo. Mayi wa mazira ali pansi, magazi pamphumi, akukwawa. Chitseko chobiriwira chitapendama.

Mzime anali atamupanikiza mlamu kukhoma, bondo pamimba, dzanja m'tsitsi lotsala lija. Sizasi yanga m'mwamba. Mlamu akukuwa m'mano, kaphokoso ngati ka ketulo. Sindinaganize. Ndinagwira kumene kumadula. Iye anakoka. Ndinainola ndekha, ndikudziwa mmene imalowera.

“Achemwali, chokanipo, izi si zanu.” Mawu ake anali ofatsa, ngati akupempha mchere.

Sabata yonse ndakhala ndikumanga nthiti zimenezo. Ndikudziwa pamene pali pofewa, zala zitatu pansi pa khwapa. Ndinamuponda ndi bondo pamenepo. Anatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinabwereza. Atagwa ndinabwerezanso, ndi chidendene, mpaka wa nyama anandinyamula m'chiuno. Wamandimu anafika ndi botolo, koma ntchito inali itatha. Analiika pansi, n'kuvula epuloni kundimanga dzanja. Magalasi ake anali ndi magazi anga.

Mwana amene ndinamubereka kumsana. Ndikatseka maso ndimamva nthiti ikulowa pansi pa phazi langa. Chimene chikundiopsa n'chakuti sindikumva chisoni.

Chikhatho chinang'ambika mpaka pafupa. Dokotala akuti mtsempha wa chala chachikulu waduka, tione pakapita miyezi. Chala chachikulu ndicho chimatsegula sizasi. Mkwatibwi watenga diresi lake, wapita nalo kwina.

Mlamu apita naye ku famu. Waya wina unaduka, amumanganso. Nthawi ino wavomera za polisi. Mayi wa mazira ndinawauza ndekha, pa benchi ya ku chipatala, kuti chitseko ndinaulula ndine. Sanandimenye. Anangosuntha n'kukhala patali. Bola chitsulo.

Mzime wachoka ku wodi, ali m'chitokosi. Amayi amapita ndi chakudya m'mawa ndi madzulo. Ine sandilankhula, amalankhula ndi khoma ndili pompo. Akuuza khoma kuti mawa wapolisi akabwera, munthu wanzeru anganene kuti sizasi inali m'dzanja lake iye mwini, mwana anangopita kukalankhula ndi mkazi wake, anthu anavulazana m'chipwirikiti. Akuti chibale ndi fupa.

Ndayankha khoma lomwelo kuti mafupa ndawamva akuthyoka, ena a mwana wawo, ena a mwana wa eni. Mawa ndinena zonse. Sizasi ndi yanga, ndinainola ndine, chitseko ndinamulozera ndine, kugwira anagwira ndi iye.

Madzulo ano alowa m'chipinda changa, koyamba chichitikire. Malaya oyera a Mzime pamkono, oti akavale kukhoti. Batani lathothoka pakhosi, maso awo saonanso bowo la singano. Aima, aima, kenaka anditchula dzina langa laubwana, akuti ndingosokako kamodzi kokha.

Ndawaonetsa dzanja.