Dona ndi Chiwindi cha Kubutchala

Lolemba, 9 Juni

Chitsiriza wathu wanyamuka m'mawa uno kukayamba maphunziro a unesi. Wandisiyira thanki yake yagalasi pabalaza: tinsomba ting'onoting'ono tisanu ndi titatu, ndi nsomba imodzi yaikulu ya zipsepse zolendewera ngati diresi ya ukwati, amaitcha Dona. Pachitseko cha firiji wamatapo pepala la malamulo. Chakudya chake ndi tinyongolotsi tofiira, towumitsidwa m'timibulu ta ayezi. Akuti theka la kambulu m'mawa, basi.

Atakwera kale basi wasuzumira pawindo. "Adadi, chonde musawonjezere nzeru zanu."

Ine zaka makumi awiri ndi zisanu ndili m'butchala. Nsomba zisanu ndi zinayi zingandikanike?

Lachiwiri, 10 Juni

Ndaponyamo theka lija lili gwa. Zalimbirana, mphindi imodzi latha, kenako zonse maso pa ine. Njala imeneyo, ndimaidziwa.

Amake mwana akuti nyongolotsi zichoke pafupi ndi nyama yawo. Ndaziika m'kontena ya majarini, ndalembapo OSADYA.

Lachitatu, 11 Juni

Mtima sukundilola. Ine wogulitsa nyama, ziweto za m'nyumba mwanga zizikukuta ayezi? Ndabwera ndi chiwindi cha ng'ombe chalero lomwe, ndachiduladula mpaka chasalala ngati phala, ndathiramo masupuni awiri. Kamafuta pang'ono pamwamba. Mmene zadyera! Dona mimba yachita kutukuka.

Pepala la pafiriji sindinalimalize. Mwanayo kusukulu ndi wanzeru, koma nyama saidziwa.

Lachisanu, 13 Juni

Madzi achita mbuu, mafuta ayandama pamwamba. Pabalaza pakununkha ngati ngalande ya kuseri kwa butchala. Tinsomba tiwiri ndatipeza titagona chagada, ndativuula ndi sefa ya tiyi. Dona wakhala pansi pakona, zipsepse wapinda, akungopuma mwaphuma.

Amake mwana sanakalipe. Angoima pakhomo n'kunena kuti, "Nzeru zija ndi zimenezi, bambo?" Bola akanakalipa.

Ndili ndi manyazi, ndiponso ndikuopa. Dona ameneyu mwana wanga wamulera kuyambira ali kamwana kosaoneka bwino m'madzi. Zivute zitani, asafere m'manja mwanga.

Loweruka, 14 Juni

Ndatseka butchala masana, Loweruka lenileni, makasitomala ali pamzere. Ndapita kusitolo ya nsomba zoweta. Mayi wa pamenepo wandimvetsera mpaka kumapeto, kenako wagwira kukamwa.

"Achimwene, chiwindi? Ndi mafuta omwe?"

"Chinalitu chatsopano, mayi."

"Vuto si limenelo. Mafuta a ng'ombe m'mimba mwa nsomba sagayika. Zotsalazo zimawolera pansi, madzi amasanduka poizoni."

Wandiuza chochita. Tsiku lililonse kuchotsamo madzi pang'ono, kuthiramo ena ogonera m'ndowa. Masiku atatu osadyetsa, ngakhale zindiyang'ane bwanji. Kenako kambulu kaja kusungunulira m'kapu ndi madzi a m'thanki momwemo, kukhetsa madzi ofiirawo, n'kumapereka pang'onopang'ono.

Ndikutuluka wandilozera thanki yake, muli tinsomba tofanana ndendende ndi takufa tija. "Tengani tiwiri. Mwanayo adziwa bwanji?"

Ndabwerako chimanjamanja, koma ganizolo landitsatira mpaka kunyumba.

Lamulungu, 15 Juni

Ndowa zitatu kutulutsa, zitatu kulowetsa. Msana wanga! Mwana waimba foni, ndakodola amake kuti anene ndili kubafa. Anenadi, koma diso lomwe andiponyera.

Lolemba, 16 Juni

Madzi ayamba kuyera, miyala yapansi ikuoneka. Dona wasuntha pakona paja, wazungulira kamodzi, wabwereranso.

Lero ndawerenga pepala la pafiriji lonse, nditavala magalasi. Mzere wachitatu: sungunulani kaye m'kapu. Mzere womaliza, zilembo zikuluzikulu, wadula mzere kunsi kawiri: NYAMA YA KUBUTCHALA AYI, ADADI.

Mwana ameneyu amandidziwa kuposa mmene ndimadzidziwira.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndachita zonse mwa dongosolo. Kapu, madzi a m'thanki, mphindi zisanu, kukhetsa. Zala zanga zozolowera chikwanje zikutola nyongolotsi imodziimodzi ndi nsonga ya supuni ya tiyi. Ting'onoting'ono tadya. Dona wayandikira, wayamwa kamodzi, walavula, wapita.

Mawa ndiyesanso. Akakana, mkuja.

Popita kuntchito ndadutsa pasitolo paja. Mayi uja wandikwezera dzanja pawindo. Ndamuyankha, ndapitirira.

Lachitatu, 18 Juni

M'mawa, kapu ili m'manja, ndati basi, kubafa ndakhalitsako. Ndamuimbira mwana foni ya vidiyo. Wayankha ali m'yunifolomu yoyera, akuthamangira kukalasi.

"Mwanawe, tiwiri tafa. Ndinatipatsa chiwindi. Ndine ndapha."

Wapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Titi?"

Kwa ine tonse n'tofanana. Wati ndiyandikitse foni pagalasi. Wayang'ana kanthawi kochepa chabe.

"Kamchira kong'ambika palibe. Ndi kaja kamakonda kubisala kuseri kwa pampu. Dona akudya?"

"Sabata yonse ayi. Ndimati ndimuyese pano."

"Mwasungunula?"

Ndamuonetsa kapu.

"Musathire pakati, amachita manyazi pagulu. Pitani kukona ya kumanzere, pafupi ndi mwala waukulu. Tsitsani supuni, musagwedeze."

Amake mwana agwira foni, ine ndagwada. Ndamiza supuni, kanyongolotsi kakutsika pang'onopang'ono. Dona watuluka kuseri kwa mwala, watambasula zipsepse zonse, wakameza. Tadikira kuti alavule. Sanalavule.

Pafoni mnzake akumuitana kuti achedwa. Iye osasuntha.

"Kenanso, adadi. Kamodzi kokha."

M'kapu munali tambirimbiri. Ndatola kamodzi.