Mizere Yopingasa

Lachitatu. Tsiku loipa, mtima suli m'malo.

Mlungu watha atekiniku a zaulimi anandionetsa pafoni kachirombo ka ku Amerika kotha mbatata ya kachewere: kachikasu, mizere yakuda yotsika kumsana. Nditangoona tachikasu m'munda mwanga, ndinapopera mbatata mankhwala onse, botolo lonse.

Lero ndawatengera kamodzi ku Ulongwe. Angopukusa mutu. "Mayi, uyu ndi dzodzwe wathu yemweyu. Onani, mizere yake njopingasa. Ka ku Amerika kaja sikanafike kuno. Uyu amadya maluwa a nyemba."

Kupusa kwangaku! Maluwa a nyemba zanga m'munda momwemo atha theka, m'botolo mulibe ngakhale kadontho. Ndatola adzodzwe ndi manja mpaka zala zatuluka matuza, cholembera chikundikanika kugwira. Mawa ndikatolanso, kaya ndi zala ziti...