Injini Yaikulu m'Kathalakitala Kanga

Lachiwiri, 7 Okutobala

Injini yafika. Alamu anga owotcherera zitsulo abwera nayo pa kagalimoto kawo, yomangidwa zingwe ngati nkhumba yopita kumsika. Yakale koma yamoyo, ya masilinda awiri. Inali pa makina osakanizira simenti. Wogulitsa zitsulo zakale walumbira kuti sinatsegulidwepo. Onse amatero.

Kabulu, kathalakitala kanga ka m'dimba, katopa ngati mwini wake. Utsi wokhawokha. Kumtunda kumchenga kamalima bwino, koma kakangofika kumunsi kumakande kamatsokomola n'kuzima. Chaka chatha mbali imeneyo anaimaliza ndi khasu Abwana, mayi a kunyumba kuno. Msana unawagoneka mwezi wathunthu. Ine ndili pomwepo, munthu wokalambira pansi pa malole a eni. Chaka chino ayi.

Abwana ayang'ana injini, ayang'ana Kabulu. "Bambo, mtima wa ng'ombe mufuna muuike mwa mbuzi?" Za denga la khitchini sanatchule, chonsecho ndalama zokonzera dengalo ndi zomwe zagona m'shedimo. Kusatchulako n'kumene kukupweteka.

Sipanala yandipulumuka kangapo lero. Dzanja lamanja. Kutopa basi.

Lachinayi, 9 Okutobala

Injini yakale ya Kabulu yachoka. Tcheni pa mtanda wa shedi, ine kukoka, mtanda kulira ngati uthyoka. Oilo pansi ponse, ndi pa buluku lomwe. Nditaiika pakona ndinaifunditsa chiguduli. Sindikudziwa chifukwa chake. Yatitumikira.

Yatsopano ndaitsitsira m'malo mwake, sikukhala. Mabowo a mabawuti akusemphana onse. Kutsogolo ikugunda chitsulo, kumbuyo yatsala m'malere. Ndinayeza ndisanagule. Ndinayezadi. Kaya tepi, kaya maso.

Pafunika chitsulo chafulati chokhazikapo injini, chobooledwa mwatsopano. Ntchito ya alamu imeneyo. Ati Loweruka, ngati sipabwera geti la munthu.

Mapewa ngati ndasenza nyumba. Madzi osamba azizira ndikali pa mpando.

Loweruka, 11 Okutobala

Alamu tsiku lonse. Moto wowotcherera, fungo la chitsulo chopsa, nthabwala zawo zomwe zija za masiku ndinkafunsira mlongo wawo.

Polemba pobowola, kachitsulo kosongoka kamangovina m'dzanja langa. Ndikaloza apa, kakugwera apo. Alamu anayang'ana kumbali, kenaka anangokatenga ngati akufuna kukaona. Anabowola okha onse. Tikupuma ndi pomwe anati, "Alamu, dzanjali likuvina nyimbo yanji? Ine sindikuimva." Ndinaseka. Iwo sanaseke.

Injini yakhala tsopano, nganganga. Vuto lina: kagudumu kake kokokera lamba kali m'mwamba kuposa kakale. Lamba akupita mopendekeka, akukhula chitsulo. Ukatseka apa, kwatseguka uko.

Madzulo foni. Mwana wathu wamkazi, namwino uja wa kutauni. "Ababa, mwayamba liti kunjenjemera?" Ndiye kuti nkhani yayenda. Alamu kapena Abwana. Mwina onse awiri, magazi amodzi. Ndamuuza kuti ndipita kuchipatala ndikamaliza Kabulu.

Lachitatu, 15 Okutobala

Bonati sikutseka. Ndaidula pamwamba. Kabulu tsopano akuoneka ngati mwana wovala chipewa chong'ambika, mutu uli panja. Paipi ya utsi inaloza pa mwendo penipeni, ndaipinda iloze kumbali. Mawaya a batire afupika. Ndalumikiza.

Bawuti imodzi ya pansi, pobisika, yandidyera m'mawa wonse. Nati ikangofika pakamwa, dzanja n'kuyamba zake. Kugwa, kutola, kugwa. Ndinatukwana mokweza, zomwe sindichita. Abwana anabwera ndi tiyi, anaika kapu pansi, anagwada, anapisa dzanja. Kamodzi kokha, nati yalowa. "Kumanja n'komanga eti?" Ndinati eya. Sanachokenso. Anakhala pa chitini cha penti mpaka dzuwa kupendeka, kundipatsira zida. Amafunsa dzina la chilichonse ngati mwana wa sukulu.

Mitambo yayamba kusonkhana kumadzulo. Aneba atipula kale kwawo.

Lamlungu, 19 Okutobala

Yalira.

Titabwera kopemphera sindinavule n'komwe malaya oyera. Kiyi kamodzi, kawiri, kachitatu shedi yonse kugwedezeka. Nkhuku balala. Malata kunjenjemera, zitini kugwa pa shelefu. Mawu akuya, onenepa, ngati a lole yeniyeni. Ndinaima chilili. Ndinaiwala msana, ndinaiwala dzanja. Aneba anasuzumira pa mpanda, "Mwagula ndege kodi?"

Kenaka ndinaponda kilatchi kuti ndiyese giya. Lamba phwa! Chidutswa chinakamenya khoma, china chinandipyola pakhutu.

Chimwemwe cha mphindi zochepa. Malaya oyera ali m'beseni, Abwana sakulankhula. Mphamvu yachuluka, injini ikuzungulira mothamanga kuposa momwe Kabulu anabadwira. Pafunika lamba wokhuthala ndi kagudumu kena kochepetsa liwiro. Thumba lapepuka kale. Chinthuchi chikudya ngati mlendo wosatsanzika.

Lachisanu, 24 Okutobala

Ndilembe mwachidule. Pachifuwa pakupweteka.

Lamba watsopano, kagudumu katsopano, zonse bwino. Ndinatuluka naye Kabulu m'shedi, pulawo kumbuyo. Kumchenga ngati akudula buledi. Kumakande osatsokomola n'komwe, dothi kumangogudubuka lakuda. Ndinaseka ndekha.

Kumapeto a mzere ndinafuna kuchepetsa moto. Chiwongolero chikunjenjemera, dzanja nalo likunjenjemera, kenaka linangouma pa kachitsulo ka moto. Ndikuliuza bwerera, ilo likukankha. Kabulu analumpha. Mpanda wa aneba pansi, chingwe cha zovala pansi, ine chifuwa pa chiwongolero. Chinatiimitsa ndi chitsa.

Mayi a kwa aneba anali pomwepo akuyanika. Tayala linadutsa pa dengu lawo la zovala. Dengu, osati iwo. Anangokhala pansi, manja pamutu.

Anadzazimitsa injini ndi Abwana. Ine kiyi ndimamuona, dzanja osapita.

Lolemba, 3 Novembala

Ndabwerako kuchipatala. Mwana anabwera m'mawa mwake ngozi itachitika, osakambirana, anangoti, "Ababa, valani." Nthiti n'zosathyoka. Koma dzanja ndiye nkhani. Kundiyendetsa m'khonde, kundigwiritsa chala pamphuno, kundijambulitsa mizere yozungulira ngati wa sukulu ya mkaka. Dokotala wamng'ono, waulemu. Watchula dzina la matenda, lachizungu, lalitali. Ndi a m'mitsempha ya mu ubongo. Sachira, koma mankhwala amawachedwetsa. Mapilitsi tsiku lililonse mpaka kalekale. Galimoto ayi. Makina ayi.

Ndinamufunsa ngati kathalakitala ka m'dimba nako ndi makina. Mwana anandiyang'ana ngati mayi ake.

Mvula yoyamba yagwa ndili kumeneko. Ndinaimvera pa zenera la wodi. Kumunsi kwalimidwa mzere umodzi wokha, womwe uja. Udzu wayamba kale kumera m'mbali mwake.

Kabulu anamukokera m'shedi alamu. Nyali imodzi yosweka, kwina konse bwinobwino. Ati pali munthu wa dimba lalikulu akumufuna, wamva za injiniyo. Ndati abwere. N'kusungiranji.

Lachinayi, 6 Novembala

Mapilitsi akundigonetsa masana. Pakamwa powuma. Dzanja lachepako kuvina, koma thupi lonse ngati thumba la mchenga.

Mpanda wa aneba akonza alamu ndi Abwana. Ine kugwira misomali m'chitini. Ndapepesa kwa mayi aja, ndawapititsira dengu latsopano. Ati, "Zinachitika basi, bambo, bola moyo." Akanandikalipira bwenzi zili bwino.

Khasu la Abwana ndaliona pakhomo, lonoledwa. Ndinalowa m'nyumba.

Ku shedi sindikupitako. Abwana ndiye akupitako, ati kukatenga chakudya cha nkhuku. Akuchedwako. Pa chakudya chamadzulo funso: kodi munthu akafuna kuima msanga, amayamba kuponda chiyani? Ndinayankha osaganiza. Kilatchi ndi buleki pamodzi, moto pambuyo. Anangogwedeza mutu n'kupitiriza kudya.

Wogula abwera Loweruka.

Loweruka, 8 Novembala

Anabweradi, ndi lole yonyamulira. Munthu wabwino, wodziwa zinthu. Anazungulira Kabulu, anamvetsera injini, anayamikira ntchito. Tisanayambe kukambirana, Abwana anatuluka atavala ovolosi yanga, miyendo yopindapinda. "Pepani bambo, mwavutika ulendo. Sitikugulitsa." Ine ndinati ndalonjeza kale. "Munalonjeza inu. Denga langa la khitchini lili m'menemu, ndiye mwini wake ndine."

Munthu uja anaseka, anakwera lole yake. Manyazi ndi mkwiyo. Ndinawauza Abwana kuti chinthuchi chinatsala pang'ono kupha munthu. "Ndinaona, ndinalipo. Khalani apo muzindiuza."

Anandiikira mpando pamthunzi. Giya yoyamba yokha, moto pang'ono, ndinatero, osapitirira apo. Inazima kangapo poyamba. Kenaka inayenda. Mizere yokhota ngati njira ya woledzera. Pokhota amatenga bwalo lonse. Ndinakuwa mpaka mawu kusasa, iwo osamva kanthu ndi phokosolo. Koma makande atembenuka. Theka lonse la kumunsi.

Atatsika miyendo imawanjenjemera kuposa dzanja langa. Sindinawayamikire.

Lamlungu, 9 Novembala

Abwana adzuka ndi mwendo wotupa kumbuyo kwa bondo. Dzulo lonse kilatchi amaiponda ndi nsonga ya phazi, atakhala m'mphepete mwa mpando. Osanena. "Injini mwaika yabwino, bambo. Koma mpandowu ndi wa munthu wamtali."

Ndapita ku shedi, koyamba chibwerere. Ndagwada, ndasuzumira pansi pa mpando. Mabowo osunthira kutsogolo alipo kale, opangidwa ndi eni ake ku fakitale, odzaza dothi. Zaka zonsezi ndakhala pamenepo osawaona.

Ndawatokosa ndi msomali. Mabawuti ndawathira oilo kuti afewe. Ine ndigwira mpando, Abwana amanga. Ukasuntha, mawondo anga sadzakwananso pamenepo. Ndakhala kanthawi pa chitini cha penti ndikuganiza zimenezo.

Mitambo yadanso. Theka lina likudikira. Abwana akundiitana, ati sipanala yake ndi iti